Mneneri wa Pachitini

Lolemba

Kutentha kosaneneka. Mitambo ikubwera masana, kutiyang'ana, n'kupita kwa ena. Mbewu zikadali m'nsupa.

Koma lero ndili ndi chimwemwe, ndipo ndikulemba kuti ndisadzaiwale kuti chinaliko. Amayi avomera! Lamulungu lino ansembe akubwera ulendo womaliza mvula isanatseke msewu, ndipo amayi anga, amene akhala akundikanira kuyambira pomwe ndinayamba uphunzitsi wa mpingo, akuti abatizidwa. Sakunena mokondwa ayi. Akunena uku akukoka fodya wa m'mphuno: "Chabwino, ndithire madzi akowo, mwina ungasiye kundiyang'ana ngati ndafa kale." Ndikulandira momwemo. Chifuwa chawo chija sichikundisangalatsa. Ansembe akachoka sabweranso mpaka mtsinje wa Lupande utaphwa, ndipo sindikudziwa ngati amayi adzafika kumeneko. Mphunzitsi wobatizitsa makolo a anzake, mayi wake n'kumwalira kunja kwa mpingo! Ndikuopa, ndipo manyazi ndili nawonso.

Chimwemwe chachiwiri chabwera ndi a Sakala, a gemu aja oteteza nyama kumalire a paki. Mzungu wa kampu ya alendo wabwerera kwawo, poti ufulu wathu sunamukomere, ndipo wawasiyira makina a kanema, kainjini kake ndi zitini zitatu za filimu. Pachitini choyamba pali chithunzi: nkhalamba ya ndevu zofika pamimba, mkanjo wautali, ndodo m'mwamba, kumbuyo phiri likuyaka moto. Mose! Ngati si Mose ndi Eliya. A Sakala akuti mzunguyo ankanena kuti ndi nkhondo ya kuwala ndi mdima.

Ndiye dongosolo nali:
kuonetsa kanema m'tchalitchi, chitini chimodzi patsiku, chifukwa makina amatentha msanga;
ine kuima pambali pa nsalu n'kumamasulira Chingerezi;
amayi kukhala kutsogolo, aone ndi maso awo zimene ndakhala ndikuwauza ndi pakamwa;
Lamulungu, ubatizo.

Palibe chimene chingalakwike.

Lachiwiri

Madzulo sitingaonetse. Njovu zayamba kubwera kudzadya mango, dzuwa likangopendeka njira zonse ndi zawo. Ndiye tionetsa masana, ndipo mdima tiupanga tokha.

Zotsekera mawindo: mphasa zakale, mabulangete a anthu, chikopa cha mbawala chimene a Sakala akuyesa kusachiona, thumba la thonje. Nsalu yoonetserapo ndi ya paguwa. Tatseka, mdima wabwera, mpweya wachoka. Ndangoima pang'ono, malaya anyowa mpaka m'chiuno.

A Yotamu, mkulu wa mpingo, sakukondwa. "Aphunzitsi, injini m'nyumba ya Mulungu?" Ndikuwauza kuti injini ikhala panja, m'kati mungolowa chingwe. "Satana salira khomo lalikulu, chingwe chomwecho chimukwana." Ndikuwaonetsa chitini. Akuyang'ana ndevu zija nthawi yaitali, kenaka akuvomera monyinyirika kuti munthu wa ndevu zotere sangakhale woipa.

Nkhwangwa yawo anola kale. Akuti ubatizo ukangotha tikadule mtengo wa msolo uja wa kuseri kwa nyumba ya amayi, pamene amathirira atate nsembe ya ufa ndi mowa. Atate anaphedwa ndi mvuu akuwedza, ine ndikadali wamng'ono, ansembe asanayambe kufika kuno. Pamsolopo sipaponda munthu. Ngakhale mbuzi amayi anaziphunzitsa ndi miyala.

Nsalu yoyera ya ubatizo yasokedwa. Amayi ayiyesa, akuti ikuwaonetsa ngati mtembo wadzuka. Kenaka funso lawo lija la masiku onse: "Nanga kumene ukunditumizako, atate ako ndikawapeza?" Ine ndikuyang'ana msoko wa nsalu, ndikuti wapindika. Sakufunsanso.

Ndimafuna kuuona kanemayo ndekha poyamba, koma a Sakala akuti petulo ndi wochepa, tisawononge. Si kanthu. Nkhani ya Mose ndimaidziwa ndi mutu.

Lachitatu

Si Mose.

Si Eliyanso. Ndafufuza aneneri onse m'mutu mwanga, aakulu ndi aang'ono omwe, palibe amene ankayenda ndi khwangwala wolankhula paphewa.

Tchalitchi chadzaza kuposa pa Khirisimasi. Abwera ngakhale amene amati akalowa muno mutu umawapweteka. Amayi ali kutsogolo, pakampando kawo. Injini ikulira, kuwala kukugwa pansalu, anthu onse: "Haaa!"

Nkhani yake, monga ndaitolera pakati pa phokoso: kuli dziko lina la azungu kumene mvula yasiya kugwa, chifukwa mfumukazi yoipa yatsekera mitambo m'phanga, pakhomo n'kuikapo chinjoka cha mitu iwiri. Mfumu yeniyeni inafa. Yasiya mwana wamwamuna, wa tsitsi ngati la chimanga, amene sadziwa kanthu kupatula kuthamanga ndi lupanga. Nkhalamba ya ndevu ndiyo imutsogolera.

Chingerezi chake n'chothamanga, chotulukira m'mphuno, ndipo bokosi la mawu likulira ngati muli njuchi. Ndikugwira liwu limodzi, asanu andidutsa. Ndiye ndikumasulira ndi chikhulupiriro. "Uyu ndi mneneri wa Mulungu. Akuti lapani." Zikuyenda bwino ndithu. Minda youma ikuoneka pansalu, ng'ombe zakufa, amayi ambiri akuusa moyo, wina akuti, "Ndi kwathu konkuno."

Kenaka mneneri wanga akukhala pansi, akumasula kathumba m'chiuno, akukhuthulira timafupa padothi n'kuyamba kutiwerenga ndi chala.

Tchalitchi chonse ndi mawu amodzi: "Akuombeza!"

Ine: "Ayi, akuwerenga mafuko a Isiraeli."

Wina kumbuyo: "Aphunzitsi, mafuko a Isiraeli ndi mafupa a nkhuku?"

Kuseka! Amayi sakuseka. Atsamira kutsogolo, fodya waiwalika m'dzanja. Pa maulaliki anga onse sanandimvetserepo choncho.

Chitini chikutha chinjoka chikutulutsa utsi m'mitu yonse iwiri. Panja a Yotamu andigwira dzanja, osati mwa moni. Ndawauza zimene ndikukhulupirira ndi mtima wonse: nkhani zotere zimayamba ndi uchimo kuti chilango chioneke bwino kumapeto. Woombeza uja moto udzamutsikira. Tingodikira.

Mutu ukupweteka. Mvula kulibe.

Lachinayi

Ndadzuka ndi mantha, ndipo mantha anali ndi chifukwa.

Anthu achuluka kuposa dzulo. Ena achokera kutsidya kwa Lupande, awoloka pamchenga. Mayi wina wakomoka ndi kutentha kanema asanayambe, amutulutsa, watsitsimuka, walowanso.

Poyamba zabwino. Nkhondo, akavalo, anthu osema ndi miyala akuyenda, mlatho ukugwa. Pamenepa ntchito yanga ndi yopepuka, ndikungoti, "Awa ndi oipa. Awa ndi abwino. Uyu wafa." Ndayamba kupuma.

Kenaka mnyamata uja wagonja, lupanga lathyoka, anzake amuthawa. Akukwera kaphiri yekha. Pamwamba pali mtengo umodzi waukulu, patsinde pake mulu wa miyala. Akuvula nsapato. Akugwada. Akutulutsa nyanga ya ng'ombe yodzaza chakumwa n'kuthira patsinde, pang'onopang'ono, uku akulankhula ndi misozi.

M'tchalitchi zii. Ukumva injini yokha panja.

Ndikuyenera kunena kanthu. Ndikuti, "Akuthirira mtengo. Azungu amakonda kusamala mitengo."

Palibe woseka. Bola akanaseka.

Masamba akugwedezeka popanda mphepo, ndipo pakati pa nthambi pakutuluka nkhope ya mfumu yakufa ija, yotuwa, yachifundo. Ikulankhula. Liwu loyamba ndalimva bwinobwino, ngakhale mwana wa sukulu akanalimva, koma sindikulimasulira. Amene akumasulira ndi amayi, mokweza, osanditembenukira: "Akuti mwana wanga."

Chingerezi sadziwa ngakhale cha moni.

Pansalu kukuchita mdima, mphezi ikung'anima, bingu likugunda, mnyamata akuyang'ana kumwamba. Pomwepo filimu yatha, kamchira kake kakungomenya makina, phaphapha.

Anthu akutuluka mwakachetechete ngati achoka pamaliro. Amayi akana kuti ndiwanyamulire kampando.

Lachisanu

Lero kulibe kanema. Kuli milandu.

Mudzi wagawikana, ndipo mbali zonse zikugwirizana pa chinthu chimodzi: wolakwa ndine.

Zimene ndamva kuyambira m'mawa:

Kuchitsime: "Ife ankatiletsa azunguwa, kumeneko kwawo akuthira ndi nyanga yathunthu!"

Wapampando wa achinyamata a chipani, atavala baji yake: "Ndi ufulu umenewu. Zinsinsi zawo zayamba kutuluka m'zitini." Akufuna kanemayo akaonetsedwe pamsonkhano.

Amayi a chigwirizano cha mpingo akuti nsalu ya paguwa yadetsedwa, chinjoka chayendapo. Aichapa kawiri. Mmodzi akulumbira kuti ikununkhabe utsi. Ikununkhadi, koma ndi wa injini.

Mkulu wina amene amasunga kachisi wa mvula kumtunda, munthu amene sanandipatsepo moni chibadwire, wandiimitsa panjira: "Mwaswera bwanji, aphunzitsi? Ntchito mukuigwira bwino." Wandipatsa mango. Ndalandira, nanga ndikanatani.

Okonzekera ubatizo awiri abwera kudzafunsa ngati khwangwala uja ndi Mzimu Woyera. Ndati ayi, Mzimu ndi nkhunda. Akuti mwina kwa azungu nkhunda zimada ndi kuzizira.

Masana akulu a mpingo andiitanira pansi pa mtondo. A Yotamu abwera ndi nkhwangwa, akuti anali paulendo wokadula mitengo ya khola, koma aiika pakati pa bwalo. Mlandu: ndalowetsa woombeza m'tchalitchi, ndamutcha mneneri, ndanamiza mpingo za mafuko a Isiraeli. Zonse ndi zoona. Chigamulo: makina atuluke lero, chitini chachitatu chikatayidwe mu Luangwa, ng'ona zikaonere.

Ndapempha mogwada. Ndati tikalekera pamenepa nkhani yathera pa nsembe ndi bingu, ndipo anthu adzaimaliza okha m'mitu mwawo. Chitini chachitatu ndicho chili ndi yankho. Mzimu uja udzapezeka kuti ndi chiwanda chonyenga, mnyamata adzalapa, mtengo udzagwa. Azungu amene anatibweretsera Buku sangapange kanema wothera kwina. Ndawonjezera, ndi pakamwa pangapa, kuti chilango chikapanda kuoneka ndisiya kulalikira mpaka ansembe adzabwerenso mvula itatha.

A Yotamu avomera mofulumira kwambiri. Ulaliki akhala akuufuna kalekale.

Ndadzera kwa amayi. Nsalu yoyera sili pachingwe pomwe inali. Aipinda, aiika pansi pa dengu. Iwo ali pamphero, akupera mapira pang'ono, ochepa kwambiri moti si a chakudya. Akutsokomola, kupera, kutsokomola. Ndati, "Amayi, dikirani mawa, muone mathero." Akuti, "Ndidikira. Ndili ndi kwina kopita?"

Mtima wanga ndi wolemera. Ndapemphera kuti mtengo wa m'kanema ugwe. Sindinapempherepo chinthu chopusa chotere, komanso sindinapempherepo ndi mphamvu chotere.

Loweruka

Ndilembe msanga, ndithane nazo.

Anthu osakwana m'tchalitchi. Ena akwera pamawindo, asuntha mphasa, mdima wathu wabooka paliponse. A Yotamu kutsogolo, manja pachifuwa. Wosunga kachisi pambali pawo. Amayi pakampando.

Ndisanayambe ndalankhula mawu ochepa, onena kuti tsopano tiona malipiro a kupembedza akufa. Ndinawakonza bwino. Ndatchula ngakhale moto.

A Sakala atsegula chitini chachitatu. Injini. Kuwala.

Mvula!

Mvula pansalu yonse, yamphamvu, yogwa pamunda wolimidwa bwino. Nyimbo yosangalala ya malimba. Kenaka chimanga chikumera, chikukula tikuona, chapitirira munthu. Thonje loyera mpaka kumapiri. Bambo wakuda ngati ife, wonenepa masaya, akuseka ndi khasu paphewa. Mkazi wake akuseka. Ana akuseka. Nkhokwe yodzaza, njinga yatsopano, wailesi pakhonde. Ndipo bokosi la mawu, limene masiku onsewa limalira njuchi, lero likumveka mbee, m'Chinyanja chathu: mvula yoyamba ikangogwa, bzalani m'mizere.

Ndi kanema wa boma wophunzitsa ulimi. Winawake kukampu kuja anasokoneza zitini. Mathero enieni mwina ali pasitima, akupita kwawo ndi mwini wake.

Ndikufuula, "Si imeneyi! Iyi ndi ina! A Sakala, zimitsani!" Ndani akundimva? Nthungululu tchalitchi chonse. "Yagwa! Atate ake amumvera!" Wina akufunsa chifukwa chake anthu ada khungu, mnzake akuyankha kuti ndi madalitso afika mpaka kuno. Wapampando wa achinyamata akuimbitsa nyimbo ya ufulu. Wosunga kachisi akungogwedeza mutu modzichepetsa, ngati munda ndi wake.

A Sakala akana kuzimitsa. Akuti gawo la kupopera thonje ndi lothandiza.

A Yotamu sananene zambiri. Pakhomo angotambasula dzanja, ndawapatsa buku la maulaliki.

Ndathamangira amayi panjira. Ndikufotokoza za zitini, za mzungu, za boma. Andidula.

"Ndikudziwa kuti ndi ina. Ukundiyesa mwana? Munthu wa njinga uja ndi mlangizi, anabwerapo kuno chaka chatha ndi chipewa chomwecho."

Ndiye mpweya wabwerera. Ndikuti, basi, mawa ubatizo ulipo.

Aima, atsamira ndodo, adikira chifuwa chithe.

"Mnyamata uja waitana atate ake, atate ake ayankha. Ndi zopeka, ndikudziwa. Koma amene anapeka anaganizako za ife. Iwe ndakufunsa zaka zonsezi kumene kuli atate ako, umayang'ana msoko wa nsalu. Ngati kumene ukunditumizako atate ako kulibe, ndikatani ine kumeneko ndi anthu osawadziwa? Munthu uja anagona m'madzi masiku angapo yekha. Sindimusiyanso yekha."

Ndinaphunzira mayankho a mafunso onse a m'katekisimu. Limeneli mulibe, kapena lilimo koma sindingathe kuliuza amayi anga pamaso.

Ndawanyamulira kampando. Lero alola.

Lamulungu

Ansembe afika pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Mawindo tatsegula, mabulangete abwerera kwa eni ake, kupatula limodzi limene anthu awiri akulimbirana.

A Yotamu akamba zonse ansembe asanavule n'chipewa chomwe. Ansembe apempha chitini. Ayang'ana ndevu zija, aseka mpaka kupukuta maso. Akuti anauonera kwawo kalekale, ndi nthano yosangalatsa ana, ilibe vuto. Ndawakokera pambali, ndafunsa chimene chandisowetsa tulo: kodi umatha bwanji? Mtengo uja umagwa? Aganiza, akanda mutu. Akuti sakukumbuka. Mwina pamakhala ukwati.

Ukwati!

Za ulaliki wanga akuti lonjezo ndi lonjezo, ndipume, tidzakambirana mvula ikatha. A Yotamu alalikira lero. Mutu wake: mimbulu yovala ndevu. Anthu amanditembenukira mwaulemu.

Obatizidwa abatizidwa, ndi a khwangwala aja omwe. Malo a amayi pabenchi ndinawasungabe, ndinaikapo chipewa changa. Mpaka nyimbo yomaliza ndimayang'ana kukhomo.

Ndafunsa ansembe ngati angapite kukalankhula nawo. Ayang'ana mitambo ya kum'mawa, akuti Lupande akadzaza agona kuno mpaka Pasaka, ndipo munthu sakokeredwa kumadzi ngati mbuzi. Akuti ndiziwapempherera, Mulungu ali ndi njira zake. Za atate sindinafunse. Ndinaopa kuti akumbukira yankho.

Atakwera kale njinga, andiitana. Madzi odalitsidwa atsala m'beseni, ochuluka ndithu, poti ndinatunga owerengera ndi amayi. Akuti asatayidwe paliponse. Ndikawathire panthaka yoyera, pamalo posaponda munthu kapena chiweto.

Ndazungulira ndi beseni. Kuseri kwa tchalitchi, mbuzi. Kumanda, njira ya kuchitsime inadutsa pomwepo. Pansi pa mango, ndowe za njovu. Kumunda, nkhumba za a Yotamu. Dzuwa likuwotcha, manja akulema, madzi akutayikira pamalaya. Mudzi wonse uno malo osapondedwa ndi amodzi okha, ndipo ndimawadziwa kuyambira ndikunyamuka.

Ndayang'ana uku ndi uku. Kulibe munthu. Nsapato ndavula chifukwa choti pamenepo saponda ndi nsapato, ndi chizolowezi cha ubwana basi. Kugwada ndagwada chifukwa beseni ndi lolemera, ndipo madzi odalitsidwa sawakhuthula chiimire. Ndathira pang'onopang'ono patsinde la msolo, pambali pa kaufa ka mapira kamene kathiridwa m'mawa uno. Nthaka yamwa onse nthawi yomweyo.

Masamba sanagwedezeke. Nkhope sinatuluke. Ndinadikira pang'ono, sindikana.

Kumbuyo kwanga, chifuwa chija.

Amayi ali pakhonde, sindikudziwa kuyambira liti. Sakuseka, sakunyoza. Akuti, "Wachita bwino. Atate ako anali ndi ludzu, ndipo ine mawondo akukana masiku ano." Kenaka, akutsegula kabotolo ka fodya: "Ukamadzathira anga usamadzachuluke choncho. Sindimwa kwambiri."

Za lamulo la ansembe ndazisiya, ndatola beseni.

A Yotamu atumiza uthenga wofunsa ngati nkhwangwa ikufunikabe. Ndati abwere nayo tsiku lina, ine ndikadzapita kutali.

Nsalu yoyera ili pansi pa dengu, ndipo ine ndi amayi tikudziwa ntchito imene idzagwire chifuwa chija chikadzawagonjetsa. Mitambo yabweranso masana, yatiyang'ana, yapita. Mawa ndikabweza beseni.